Phulusa Likazizira, Alipire Ndani?

Usiku wina wa mwezi wa Okutobala, zaka zingapo zapitazo, foni yanga inalira anthu onse ali m'tulo. Anali mlongo wanga. Mawu ake ankamira m'phokoso la anthu, koma awiri okha ndinawamva bwino: "Achimwene, tapsa." Pamene ndinkafika kumene ankakhala, kunja kunali kutayamba kuyera. Mdadada wonse wa zipinda zisanu ndi chimodzi unali utasanduka zipupa zakuda. Malata anali atapindikapindika ngati masamba ouma a nthochi, ndipo paliponse pankanunkha matiresi opsa. Mlongo wanga anali atakhala pamwala, atafungatira mutu wa makina ake osokera, chinthu chokhacho chimene anachitola m'phulusamo. Palibe amene anamwalira, koma mwana wina wa zaka zinayi anapsa mkono ndi msana.

Chiyambi cha motowo sichinavute kuchidziwa. Magetsi atazima madzulo, mtsikana wantchito wa m'chipinda chakumapeto anayatsa kandulo n'kuiika pampando pafupi ndi neti ya udzudzu, kenaka tulo tinamuba asanaizimitse. Anthu ankafuna kumumenya pomwepo. Amene anamupulumutsa ndi amfumu a deralo, amene anamutsekera m'nyumba mwawo mpaka mitima ya anthu itatsika.

Patapita masiku atatu tinasonkhana pabwalo pa amfumuwo. Mwini mdadada anali mayi wamasiye amene anamanga zipindazo ndi ndalama zimene analandira amuna awo atamwalira. Mayiwo ankafuna kuti ochita lendi onse asonkhe ndalama zomangiranso, popeza moto unayambira kwa mmodzi mwa iwo. Ochita lendi ankati mayiwo ndiwo abweze lendi ya mwezi umene anali atalipira kale. Makolo a mwana wopsa uja ankafuna ndalama za kuchipatala. Mkangano utafika povuta, amfumu anatembenukira kwa ine. "Bambo, inu mumagwira ntchito m'boma. Tatiuzani, lamulo likuti chiyani pa nkhani ngati imeneyi?" Ine amene ndanyamula mafayilo a boma kwa zaka pafupifupi 20 ndinangoti kukamwa yasa.

Manyazi a tsiku limenelo ndiwo anandituma kuti ndiyambe kuwerenga. Chimene ndinapeza n'chakuti mafunso onse amene tinkakanganirana pansi pa mtengo wa mango uja anafunsidwapo kale mumzinda wa London, ku Mangalande, m'chaka cha 1666. Kumeneko sikunapse mdadada umodzi, kunapsa mzinda.

Moto wa ku London unayamba usiku wa Loweruka kuchera Lamulungu, pa 2 Sepitembala 1666, m'nyumba ya Thomas Farriner, mkulu wina wophika buledi m'kamsewu kotchedwa Pudding Lane. Farriner ndi ana ake anatulukira pawindo la chipinda chapamwamba n'kukwawira kunyumba yoyandikana nayo. Mtsikana wawo wantchito anachita mantha kudutsa pamwamba choncho, ndipo anafera momwemo. Iyeyo ndiye anali munthu woyamba kufa ndi motowo, koma dzina lake silinasungidwe.

Mzinda wa London wa masiku amenewo unali ngati tchire la m'chilimwe. Nyumba zambiri zinali za matabwa, zothithikana m'timisewu topanikiza, moti zipinda zapamwamba za mbali ino ndi za mbali iyo zinkatsala pang'ono kugundana. Chaka chimenecho mvula inali itasowa kwa nthawi yaitali, ndipo usikuwo kunkaomba mphepo yamphamvu yochokera kummawa. Kumunsi kwa Pudding Lane, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kunali nyumba zosungiramo mafuta, phula, malasha, zingwe ndi mowa waukali. Moto utafika kumeneko, zidebe zachikopa zimene anthu ankatungira madzi zinangokhala ngati zoseweretsa ana.

Njira imodzi yokha ikanathandiza, ndipo ndi yomwe alimi athu amaidziwa akamalambula mozungulira munda kuti moto wolusa usalowe: kugwetsa nyumba zimene zili kutsogolo kwa moto kuti ukafika usapeze chodya. Anthu anadzutsa Meya wa mzindawo, Sir Thomas Bloodworth, kuti apereke chilolezo. Iye anazengereza. Nyumba zambiri pamalopo zinali za lendi, eni ake sankapezeka usiku umenewo, ndipo wogwetsa nyumba ya mwini popanda chilolezo akanatha kudzauzidwa kuti alipire. Meyayo ananyoza motowo kuti ndi waung'ono, nabwerera kukagona. Olemba mbiri amunyoza mkuluyu kwa zaka zoposa 350, koma ine sindingamuseke kwambiri. Ndi kangati ife a m'maofesi takankhira fayilo patebulo la mnzathu, osati chifukwa sitikudziwa choyenera kuchita, koma kuopa kuti zikadzavuta siginecha imene idzaoneke pamenepo idzakhala yathu? Funso lakuti "adzalipira ndani" linayamba kuwononga mzinda wa London moto usanathe n'komwe.

Zambiri za masiku amenewo timazidziwa chifukwa cha Samuel Pepys, mlembi wa mu ofesi yoyang'anira zombo zankhondo za mfumu. Anali ndi zaka 33, ndipo usiku akaweruka ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'buku lake lachinsinsi. Anali wantchito wa boma wolemba mwa kukonda chabe, n'chifukwa chake ndimamumva ngati mnzanga. Lamulungu m'mawa Pepys anaona kukula kwa motowo, nakwera bwato kupita kunyumba yachifumu ku Whitehall kukauza Mfumu Charles II. Mfumu inalamula kuti nyumba zigwetsedwe popanda kufunsa mwini, koma nthawi inali itatha kale. Anthu anali ataleka kuzimitsa moto, aliyense ali kalikiliki kupulumutsa katundu wake. Eni ngolo ndi mabwato anakweza mitengo mowirikiza kambirimbiri. Pepys mwiniyo anakumba dzenje m'dimba n'kukwiriramo vinyo ndi tchizi chake chamtengo wapatali.

Lachiwiri moto unagwira tchalitchi chachikulu cha St Paul's. Ogulitsa mabuku anali atasunga katundu wawo m'chipinda chapansi pa tchalitchicho pokhulupirira kuti zipupa za miyala sizingapse. Mabuku onse anapsa, ndipo mtovu wa padenga unasungunuka n'kumayenderera m'misewu. Mng'ono wake wa mfumu, James, ndiye anatenga udindo wotsogolera ntchito yozimitsa, ndipo kufupi ndi linga la Tower of London asilikali anayamba kuphulitsa nyumba ndi onga. Mphepo italeka, Lachitatu moto unayamba kugonja, ndipo pofika Lachinayi pa 6 Sepitembala unali utazima, ngakhale kuti m'mabwinja munkafukabe utsi kwa miyezi.

Nyumba pafupifupi 13,200 zinapsa, pamodzi ndi matchalitchi 87. Anthu osachepera 70,000 anasowa pogona, ambiri nakamanga misasa m'madambo a kunja kwa mzinda monga ku Moorfields. Katundu wowonongeka anayerekezedwa kuti anali wokwana mapaundi 10 miliyoni a nthawi imeneyo. Imfa zimene zinalembedwa n'zochepa modabwitsa, zosakwana ngakhale khumi, koma akatswiri ena amakhulupirira kuti amphawi ndi okalamba amene anapsera m'nyumba zawo sanawerengedwe, popeza panalibe wowalemba.

Phulusa lisanazizire, anthu anayamba kufuna munthu womuloza chala. Dziko la Mangalande linali pa nkhondo ndi maiko a Holland ndi France, ndipo mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho asilikali a Mangalande anali atatentha zombo zamalonda za Adatchi zoposa 100 ndi tauni ya West-Terschelling. Anthu a ku London anaganiza kuti adani abwezera. Alendo anayamba kumenyedwa m'misewu, makamaka Afalansa, Adatchi ndi aliyense woganiziridwa kuti ndi Mkatolika. Mfumu Charles inachita kupita yokha ku Moorfields kukauza anthu kuti motowo sunali chiwembu cha munthu. Koma mtima wa munthu amene wataya zonse sukhutira ndi yankho lakuti inali ngozi.

Pamenepo m'pamene panatulukira Robert Hubert, mnyamata wa ku Rouen m'dziko la France, mwana wa mmisiri wa mawotchi. Atagwidwa, Hubert anavomera yekha kuti ndiye anayatsa moto. Poyamba ananena kuti anauyatsa ku Westminster, dera limene silinapse n'komwe. Kenaka anasintha, nati anaponya chinthu choyaka pawindo la nyumba ya Farriner. Nkhani yake inali yosalumikizika, ndipo ambiri amene anamuona anazindikira kuti mutu wake sunkayenda bwino. Nduna yaikulu ya mfumu, Earl of Clarendon, inadzalemba pambuyo pake kuti ngakhale oweruza sankakhulupirira kuti mnyamatayo anali wolakwa, koma ankamuona ngati munthu wosokonezeka amene watopa ndi moyo. Komabe pakati pa anthu amene anasaina chikalata chomuimba mlandu panali Thomas Farriner ndi a m'banja lake. Kwa iwo, mlendo wovomera yekha anali ngati mvula yogwa pa nthawi yake: ngati moto unaponyedwa kuchokera kunja, ndiye kuti uvuni wawo unalibe mlandu.

Hubert ananyongedwa ku Tyburn pa 27 Okutobala 1666. Pambuyo pake mkulu woyendetsa chombo cha ku Sweden chimene mnyamatayo anakwera anachitira umboni kuti Hubert anatsika ku London patatha masiku awiri moto utayamba kale. Akuluakulu a boma atafufuza anapeza zinthu zitatu zokha: dzanja la Mulungu, mphepo yamphamvu ndi chilala. Koma bodza likalowa m'mwala limavuta kulichotsa. Chipilala chachikumbutso chotalika mamita 61, chimene chinamangidwa pakati pa 1671 ndi 1677 pafupi ndi Pudding Lane, mu 1681 anachilemba mawu oloza Akatolika kuti ndiwo anatentha mzinda. Mawuwo anadzafafanizidwa kotheratu mu 1830. Ndipo munali mu 1986, patatha zaka 320, pamene bungwe la ophika buledi a ku London linavomereza poyera kuti moto unayambira kwa mmodzi wa iwo, nalipepesa.

Kunyongedwa kwa Hubert sikunamange nyumba ngakhale imodzi. Vuto lenileni linali m'mapepala. Malo ambiri mumzindawo anali a matchalitchi, a mabungwe a amisiri ndi a anthu olemera, amene ankabwereketsa nyumba zawo pa pangano la zaka zambiri. Wobwerekayo nayenso nthawi zambiri ankabwereketsa kwa wina, winayo kwa winanso, moti nyumba imodzi inkakhala ndi anthu angapo oidyera. Mapangano ambiri ankanena kuti wochita lendi ndiye azikonza nyumba ikawonongeka, ndipo azilipira lendi mpaka zaka za pangano zitatha. Makhoti a nthawiyo ankatsatira zolembedwa mosayang'ana nkhope. Mu 1647, pa mlandu wa Paradine ndi Jane, khoti linagamula kuti munthu amene anathamangitsidwa pamalo ake a lendi ndi asilikali pa nthawi ya nkhondo alipirebe lendi ya zaka zonse zimene sanakhalepo, chifukwa analonjeza yekha. Potsatira lamulo lomwelo, munthu amene anali kugona pamsasa ku Moorfields, wopanda ngakhale bulangete, ankayenera kumanganso nyumba ya mwini ndi ndalama zake, kwinaku akulipira lendi ya mulu wa phulusa.

Aliyense ankaona kumene zimenezi zikanathera. Ochita lendi akanathawa kapena kuponyedwa m'ndende za angongole. Eni nyumba akanasuma, ndipo milandu masauzande ikanakhala m'makhoti kwa zaka zambiri. Pa nthawi yonseyo palibe akanaika njerwa pamalo amene mwini wake weniweni sakudziwika, ndipo amalonda akanasamukira kwina osabwereranso.

M'mwezi wa Febuluwale 1667 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bwalo lapadera limene linadziwika ndi dzina lakuti Fire Court, kutanthauza Bwalo la Moto. Mmodzi mwa amene anathandiza kukonza lamulolo ndiponso kuweruza milandu yambiri anali Sir Matthew Hale. Bwaloli linayamba kukumana kumapeto kwa mwezi womwewo mu holo ya Clifford's Inn, imene inapulumuka pa moto uja. Oweruza anachokera m'makhoti akuluakulu a dzikolo, ndipo atatu okha akakhalapo mlandu unkatha kuzengedwa. Sankalandira malipiro pa ntchitoyi. Anapatsidwa mphamvu imene khoti wamba linalibe: kuthetsa pangano la lendi, kulisintha, kutsitsa lendi, ngakhalenso kuwonjezera zaka za pangano mpaka 40. Maziko a lamulolo anali ganizo limodzi, lakuti pa tsoka limene palibe analifuna, aliyense wokhudzidwa asenzeko gawo la chitayiko molingana ndi gawo limene anali nalo pa nyumbayo.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene bwaloli linatembenuzira funso. Silinkafunsa kuti wolakwa ndani. Linkafunsa kuti mwa anthu amene abwerawa, ndani angathe kumanga, ndipo angayambe liti. Wochita lendi akati amanga, oweruza ankamutsitsira lendi ndi kumuwonjezera zaka, kuti ndalama zake zidzabwerere asanachoke. Akati sangathe, ankabweza pangano kwa mwini malo n'kumasulidwa, nthawi zina atapereka kangachepe, ndipo mwini malo ankamanga yekha kapena kupeza wina. Oweruza ankalimbikitsa mbali zonse kuti zigwirizane zokha, ndipo milandu yambiri inkatha tsiku limodzi. Pofika mu 1676, pamene bwaloli linamaliza ntchito, linali litaweruza milandu yoposa 1,500. Yambiri sinafike n'komwe pabwalo, chifukwa anthu ataona mmene oweruza ankagamulira, ankangogwirizana kunyumba motengera chitsanzo chomwecho. Akuluakulu a mzinda anathokoza polemba ntchito katswiri wojambula, John Michael Wright, kuti ajambule zithunzi za oweruza 22, zimene zinapachikidwa ku Guildhall. Njira yomweyi inadzagwiritsidwanso ntchito moto utawononga Northampton mu 1675, Southwark mu 1676 ndi Warwick mu 1694.

Pamodzi ndi lamulo la bwalolo panatuluka lamulo la kamangidwe. Nyumba zatsopano zinayenera kukhala za njerwa kapena miyala. Misewu ina anaikuza, ndipo amene analandidwa malo chifukwa cha zimenezi ankapatsidwa chipukutamisozi kuchokera pa msonkho wa malasha olowa mumzinda. Christopher Wren, amene anadzamanganso St Paul's, anali atapereka kwa mfumu pulani ya mzinda watsopano wa misewu yowongoka patangotha masiku ochepa moto utazima. Pulaniyo inali yokongola, koma inakanika, chifukwa pansi pa phulusa lililonse panali malire a munthu. Mzinda unamangidwanso motsata timisewu takale, ndipo patatha zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi nyumba zambiri zinali zitaimanso.

Komatu tisalitamande bwaloli mopitirira. Bwalo la Moto linali la anthu okhala ndi mapepala. Linkaweruza za nyumba ndi malo basi. Mmisiri amene zipangizo zake zinapsa, mayi wogulitsa pamsika amene katundu wake anatha, munthu wongogona m'kachipinda popanda pangano lolembedwa, onsewa analibe chokadandaula kumeneko. Kwa iwo kunali chopereka chachifundo chimene chinasonkhedwa m'matchalitchi a dziko lonse pa 10 Okutobala 1666, ndipo sichinafike ngakhale mapaundi 13,000. Yerekezani ndi mapaundi 10 miliyoni aja. Za anthu amene anafa kapena kupsa, palibe bwalo limene linakhala pansi kuti liwerengere mtengo wake. Makolo a mtsikana wantchito wa Farriner, ngati analipo, sanalandire kanthu. Farriner mwiniyo anapitiriza ntchito yake yophika buledi mpaka imfa yake.

Mpata umene bwalo linasiya unadzatsekedwa pang'ono ndi amalonda. Cha m'ma 1680 Nicholas Barbon, dokotala amene anasanduka womanga nyumba, anatsegula ofesi ya inshuwalansi ya moto. Munthu ankalipira kandalama chaka ndi chaka, ndipo nyumba ikapsa ankamangiridwa kapena kulipidwa. Mwini nyumba ya matabwa ankalipira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mwini nyumba ya njerwa. Makampani ena anatsatira, monga Hand in Hand mu 1696 ndi Sun Fire Office mu 1710, ndipo ankakhoma chizindikiro chachitsulo pakhoma la nyumba iliyonse imene inali m'manja mwawo. Ganizo lake ndi lomwe lija lakuti mutu umodzi susenza denga, kusiyana kwake n'kwakuti anthu amasonkherana tsoka lisanagwe. Koma apanso wolowa m'gululi ndi yekhayo amene ali ndi kotapa.

Nanga funso la amfumu aja, lakuti lamulo likuti chiyani za munthu amene moto wayambira kwake? Lamulo lakale la Mangalande linali louma. Pa mlandu wa Beaulieu ndi Finglam mu 1401, oweruza ananena kuti mwini nyumba ayenera kuyankha pa moto wake, ngakhale utayatsidwa ndi wantchito kapena mlendo wake. Kwathu kuno timati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Koma moto wa 1666 unaonetsa kuti uvuni umodzi ungathe kutentha chuma chimene munthu mmodzi sangachibweze ngakhale atakhala ndi moyo zaka 1,000. Mu 1707 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti munthu asasumiridwe ngati moto wayamba m'nyumba mwake mwangozi. Lamulo lomwelo, limene linamasula bwana, linamanga wantchito: wantchito woyambitsa moto chifukwa chosasamala ankalipitsidwa mapaundi 100, ndalama zimene sakanazipeza pa zaka zambiri, kapena kukagwira ukaidi wa kalavulagaga kwa miyezi 18. Chitetezo cha mwini nyumbachi chinabwerezedwa m'lamulo la 1774.

Makhoti anadzafotokoza pambuyo pake kuti mawu akuti ngozi sakuphimba kusasamala. Mu 1847, pa mlandu wa Filliter ndi Phippard, anagamula kuti woyatsa moto n'kuulekerera sangabisale kumbuyo kwa lamulo lija. Mlandu wina wodziwika unachokera ku Western Australia. Mu 1961 mphezi inagwera mtengo wautali pamalo a mkulu wina dzina lake Goldman. Iye anaugwetsa mtengowo, koma m'malo mouthira madzi anausiya kuti uzime wokha. Patapita masiku mphepo inauka, moto unayakanso n'kukatentha malo a anzake. Bwalo la Privy Council ku London linagamula mu 1966 kuti alipire. Mphezi sinali yake, koma kulekerera kunali kwake.

Mbiri imeneyi si ya eni ake okha. Pa 11 Ogasiti 1902, lamulo lotchedwa British Central Africa Order in Council linakhazikitsa khoti lalikulu m'dziko lino, nalilamula kuti liziweruza motsata malamulo a ku Mangalande. Kuchokera pamenepo, maganizo a oweruza a kumeneko pa nkhani ya kusasamala ndi chipukutamisozi analowa m'makhoti athu, ndipo maloya athu amawaphunzirabe. Ndikanadziwa zimenezi tsiku lija, ndikanawayankha amfumu kuti khoti silifunsa chabe kumene moto unayambira. Limafunsa ngati panali kusasamala, ndipo ngati wosasamalayo anali pa ntchito ya wina, bwana wakeyo akhoza kuyankha nawo. Koma ndikanawonjezanso chimene oweruza a ku Clifford's Inn anachidziwa, kuti kupambana mlandu kwa munthu wopanda kanthu n'kupambana pepala. Banja la m'chipinda chakumapeto lija linali litapsa ngati ena onse. Likanalipira ndi chiyani?

Amfumu aja sanamvepo za Sir Matthew Hale, koma ine nditalephera kuyankha, anagamula pafupifupi ngati iye. Anafunsa mayi wamasiye aja ngati angathe kupeza malata ndi mitengo ya denga. Mayiwo anati agulitsa kamunda kawo kumudzi. Anafunsa ochita lendi kuti ndani akufuna kudzabwerera. Mabanja anayi anakweza manja, ndipo anauzidwa kuti aumbe njerwa ndi kutunga madzi a omanga, kenaka adzalipira theka la lendi kwa chaka chathunthu osachotsedwa. Mabanja awiri amene sanafune kubwerera anamasulidwa popanda ngongole. Bwana wa mtsikana uja anauzidwa kuti azipereka pang'onopang'ono ndalama za kuchipatala kwa makolo a mwana wopsa. Palibe amene anachoka pabwalopo akusekerera, komanso palibe amene anachoka atasenza yekha. Mvula isanagwe kawiri, mdadada unali utafoleredwa.

Makina osokera a mlongo wanga sanalowe m'chigamulocho, monganso zipangizo za amisiri a ku London. Anayambiranso ndi makina obwereka, ndipo zinamutengera zaka ziwiri kuti agule ake. Mwana uja anachira, koma mkono wake sutambasuka bwino mpaka lero, ndipo palibe ndalama imene inaperekedwa pa chimenecho.

Popeza ndinali wa m'boma, amfumu anandipatsa cholembera kuti ndilembe mgwirizanowo, ndipo kope lake ndikadali nalo. Muli maina a anthu onse: mayi wamasiye, eni zipinda zisanu ndi chimodzi, makolo a mwana, mboni ziwiri ndi amfumu. Mtsikana uja anali pomwepo, atakhala pansi kumbuyo kwa amayi, atafunda chitenje chobwereka chifukwa zovala zake zonse zinapsa. Sanafunsidwe kuti ankadzuka nthawi yanji ndi kugona nthawi yanji, kapena chifukwa chimene mwana wa msinkhu wake anali pantchito m'malo mokhala kusukulu. M'mawa mwake anamukweza basi kubwerera kwawo, wopanda malipiro a mwezi umenewo. Nditawerenga za Pudding Lane ndinakatulutsa pepala lija kuti ndione mmene ndinamulembera. M'dzanja langa lomwe, pamzere wachitatu, palembedwa kuti "mtsikana wantchito".